Kuperekeza Bwana Chipewa

M'ufumu wa Takulandirani mulibe golide, mulibe mafuta, msewu wa tala ndi umodzi wokha, koma pa nkhani yolandira alendo anthu akumeneko musawayambe dala. Mfumu yawo, Tsekulakhomo Wachitatu, inachotsetsa zitseko zonse za nyumba yachifumu ku Pakhonde, likulu la dzikolo, poopa kuti mlendo angapweteke chala pogogoda. Inakhazikitsanso Unduna wa Malonje ndi Kuperekeza Alendo, n'kuikapo a Pindamawondo, bambo amene mathalauza awo onse anali otuwa m'mawondo chifukwa cha ntchito.

Lamulo la Alendo mwana aliyense wapasukulu ankaliloweza pamtima. Mlendo safunsidwa msonkho, poti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ogwira ntchito kwa mlendo si antchito ayi, ndi othandiza chabe, ndipo munthu wongothandiza amathandiza chiimire chifukwa akupitirira. Koma mlendo akakwanitsa zaka zisanu zathunthu, dzuwa la tsiku lomaliza n'kumulowera ali m'dzikomo, ameneyo wasanduka mnansi. Msonkho azikhoma, ndipo othandiza ake asanduka antchito, aliyense apatsidwe kadi yantchito ndi mpando.

Mpando umenewu ndi umene Nachisale ankaulota.

Nachisale anali mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wosankha tsabola pa fakitale ya ku Yetsemulani. Fakitaleyo inamangidwa pomwe panali munda wa malemu bambo ake. Tisanamizane, inabweretsa zake zabwino: ana ake awiri anamaliza sukulu ndi tsabola yemweyo, wachitatu anali ku sekondale, nyumba inafoleredwa ndi malata, ndipo ku Yetsemulani kunafika magetsi, ngakhale nthambo zake zinathera pa mpanda wa fakitale. Amayi mazana asanu ndi limodzi ankaima pa matebulo achitsulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuchotsa tsabola wowola ndi wosapsa bwino. Tsabola wake anali kambuzi, kakang'ono kaukali kaja. Misozi inkangoyenderera, ndipo kupukuta sukanayerekeza, poti dzanja nalo linali moto. A Pindamawondo atabwera kudzayendera, anakauza bwalo la nduna kuti apeza amayi onse akulira ndi chimwemwe, ndipo bwalo linaomba m'manja.

Zaka khumi ndi zisanu Nachisale ali chiimire pa tebulo lomwelo. Miyendo yake inatupa mpaka zala zinkaoneka ngati zochita kumatapo, mitsempha itatulukira kunja ngati zingwe. Dokotala anamuuza mosapita m'mbali. "Mayi, miyendo iyi yatsala ndi dzinja limodzi. Mukapitiriza kuima idzakukhazikani yokha, ndipo simudzadzukanso." Pa fakitale wolephera kuima ankauzidwa kuti akapume kunyumba, ndipo kunyumba kwa Nachisale kunalibe munda woti akapumirepo.

Mufunsa kuti zaka khumi ndi zisanu bwanji osapatsidwa mpando, pomwe lamulo likuti zisanu? Apa ndiye pagona nkhani.

Mwini fakitale anali mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja zamchere, dzina lake loluma lilime, mwakuti anthu anangomutcha Bwana Chipewa. Anafika atavala chipewa choyera, kampani yake ikutchedwa Tsabola wa Dzuwa. Kutatsala masiku atatu kuti zaka zisanu zikwane, anatsanzika. Ufumu wonse unamuperekeza wapansi, monga mwa mwambo, mpaka pa mlatho wa mtsinje wa Bwererani, pomwe pali malire. Anaoloka, n'kuzimirira kuseri kwa mkuyu wa tsidya linalo, ndipo fumbi lisanatsike anatulukako atavala chipewa chakuda, kampani ikutchedwa Tsabola wa Mwezi. Ng'oma zinalira. A Pindamawondo anagwada n'kufunsa kuti mwayenda bwanji, ndipo mlendo anayankha kudzera mwa womasulira kuti ulendo unali wautali. Lolemba lake amayi analembedwa mwatsopano, kalaliki akuwafunsa ngati anauonapo tsabola chibadwire. Zaka zisanu zina zitatsala pang'ono, chipewa chinakhala chobiriwira, kampani Tsabola wa Nyenyezi.

Tsopano Nyenyezi nayo inali itatsala pang'ono kulowa.

Lamulungu lina Nachisale anapita ku msika wa Makombo kwa mlamu wake, a Kachigamba, osoka nsapato, kuti akamukulitsirenso malamba a patapata. Ali pomwepo, galimoto ya unduna inafika ndi chimkuzamawu padenga.

"Tamverani, anthu a Takulandirani! Ndi chisoni chachikulu, Lachinayi likudzali tikuperekeza mlendo wathu wokondedwa. Kulira kuyamba 8 koloko. Ndi chimwemwe chachikulu, tsiku lomwelo tikulandira mlendo watsopano, amene sitikumudziwa. Kuvina kuyamba kulira kukatha. Wosenza chikwama cha mlendo chaka chino ndi Nachisale, wothandiza wokhalitsa kuposa onse."

"Alamu, mwakwezedwa," anatero a Kachigamba, msomali uli kukamwa. "Ulendo uno akhala Tsabola wa chiyani? Zakumwamba zatsala pang'ono kutha."

"Ine ndamva kuti Utawaleza," anayankha mayi wogulitsa mchere pafupi. "Wolemba chikwangwani wagula kale penti ya mitundu isanu ndi iwiri."

Nachisale sanaseke. Mtima unamuwawa kwambiri, moti anangoyang'ana miyendo yake itatambalala pa thumba. Zaka zina zisanu zinali kutali, ndipo iye anali ndi dzinja limodzi.

"Komatu bwana ameneyu ali ndi mwayi," a Kachigamba anapitiriza, akukhoma lamba. "Amadutsa m'mudzi wa Mwafulumiranji tsiku limodzi. Ine nditapita kukaona apongozi kumeneko, ndinatha sabata ndikutsanzika. Ndikati ndinyamuke, uyu wandiphera nkhuku. Ndikati nditembenuke, uyo wafulula thobwa. Paja mlendo sadutsa pakhomo pomwe amuphikira. N'zolembedwa m'Lamulo momwemo, ndime yachinayi, imene ana asukulu amaidumpha pothamangira belu."

Nachisale anadzutsa mutu. Anapinda zala zitatu pang'onopang'ono: Lachinayi, Lachisanu, Loweruka. Zaka zisanu zinkakwana dzuwa la Loweruka likalowa. Kuchokera pa chipata cha fakitale kukafika pa mlatho panali makilomita asanu ndi anayi, ndipo m'njiramo munali midzi inayi, yonse yodzaza ndi amayi osankha tsabola.

"Alamu," anatero, "malambawo muwalimbitse. Ndili ndi ulendo wa masiku atatu."

Nkhanga zinapangana kusanapse. Lolemba mawu anayenda pa matebulo kuchoka khutu ili kupita khutu ilo, ndipo kapitawo akayandikira onse ankangoyetsemula. Woyamba kuvomera anali Namaseko, mayi wamasiye wa ana anayi amene anaima phewa ndi phewa ndi Nachisale zaka khumi. Iye ndiye anagawa midzi: awa mpunga ndi nkhuku, awa futali, awa chigumu ndi thobwa, ndipo pasapezeke nyumba yophika pamodzi ndi inzake, aliyense aphike payekha pakhomo pake.

Lachinayi m'mawa mfumu inalankhula maola awiri pa chipata. Inati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo mmodzi mwa amayi ananong'ona kuti n'zoonadi, mitu yonse yayera. Kenako gulu linanyamuka: mfumu ndi Bwana Chipewa patsogolo, nduna pambuyo, oimba ng'oma, amayi, ndi Nachisale atasenza sutikesi yachikopa pa nkhata. Mwambo unkati chikwama amasenza woperekeza mpaka pakati pa mlatho, n'kuchipereka yekha ndi manja awiri. Mlendo salanda, ndipo saoloka chikwama chake chisanaperekedwe.

Sanayende n'komwe mtunda woti munthu n'kutuluka thukuta. Pa nyumba yoyamba ya mudzi wa Dikirani panagwada mayi pakati pa msewu, bakuli lili m'manja.

"Pepani, tamuphera kankhuku mlendo. Asapite ndi njala."

A Pindamawondo anatsegula pakamwa kuti amuthamangitse, koma mfumu inali itanunkhiza kale. Inali nkhuku yachikuda yokazingira anyezi. "Ndime yachinayi," inatero mfumu monyadira, ikusamba m'manja. "Agogo anga ndiwo anailemba." Anayala mphasa, mlendo anadya, mfumu inamuthandiza. Atapukuta pakamwa n'kuyenda mapazi makumi awiri, mayi wina anali atagwada kale ndi bakuli lake. Mudzi wa Dikirani uli ndi nyumba makumi awiri. Dzuwa linalowa ali pa nyumba ya khumi ndi chisanu ndi chiwiri, ndipo mlendo anamuyalira m'kalasi ya sukulu yapafupi.

Lachisanu Bwana Chipewa anali atamasula lamba mabowo awiri, nkhope itafiira ngati tsabola wake. Anayesa kunena kuti wakhuta, koma mayi amene anali atagwada anangoyamba kulira kuti nanga iye walakwa chiyani kuti nkhuku yake ikanidwe pomwe ya mnzake yadyedwa. Kulira kwa amayi amenewa kunalibe vuto, anali ndi zaka zambiri akuphunzira.

Masana a tsikulo a Pindamawondo anaitanitsa bwalo la nduna mwadzidzidzi pansi pa mtengo wa mango m'mudzi wa Idyanipo. Nduna ya Zaulimi inapereka ganizo loti kuyambira lero nkhuku si chakudya, koma mfumu inaiyang'ana ndi diso loipa, ili ndi ntchafu m'manja. Nduna ya Chitetezo inati amayi ogwada achotsedwe ndi asilikali. Mfumu inakana kwamtuwagalu. "Anthu a ku Kunonkwabwino ali tsidya lija akutiona. Mukufuna akauze dziko lonse kuti Tsekulakhomo amamana alendo chakudya?" Kunonkwabwino unali ufumu woyandikana nawo, umene kwa zaka zambiri unkalimbirana alendo ndi Takulandirani. Pomaliza Nduna ya Kalendala inati angoikapo tsiku latsopano pakati pa Lachisanu ndi Loweruka. Onse anasangalala, koma anayamba kukangana kuti tsikulo litchedwe dzina la yani, ndipo mkangano usanathe kunabwera futali.

Nachisale ankaona zonsezi sutikesi ili pamutu. Pa nyumba iliyonse ankaitula, koma wosenza chikwama akadali wothandiza, ndiye ankaima pambali pake. Miyendo inkamuphulika, malamba a patapata akulowa m'mnofu. Komabe kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri mtima wake unali myaa, ndipo nthawi zina ankadzipeza akuseka yekha.

Zinthu zinavuta Loweruka masana. Ku Mwafulumiranji, mudzi womaliza, nkhuku zinatha. Anaphika mbatata, mbatata zinatha. Mayi wa nyumba yotsiriza anabwera ndi kapu ya madzi ndi nthochi imodzi, ndipo mlendo anaimeza ngati mankhwala. Gulu linafika pa mlatho dzuwa litatsala chikhatho chimodzi kuti ligunde phiri.

Tsidya linalo, pansi pa mkuyu, panaima nthumwi ya ku Kunonkwabwino, mbuzi yonenepa kudzanja ili, chikwangwani kudzanja linalo. Pachikwangwani panalembedwa kuti: KWATHU N'ZAKA KHUMI. OTHANDIZA ATHU SATUPA MIYENDO.

Nachisale anayenda mpaka pakati pa mlatho. Sanakonzekere zimene zinachitika pamenepo, ngakhale anthu amamunamizira mpaka lero. Mawondo anangolekerera okha. Anatsitsa sutikesi, n'kukhalapo.

Abale, kukhala n'kokoma. Anamva magazi akutsika ndi kukwera, msana ukumasuka, kamphepo ka mumtsinje kakumupita m'zala za kumapazi. Ng'oma zinasiya. A Pindamawondo anathamanga n'kumugwadira, ndipo aka kanali koyamba kuti agwadire munthu wa m'dziko momwemo.

"Mayi, chonde, perekani chikwama."

"Ndikupuma kaye, bwana nduna. Lamulo silinena kuti wosenza aziyenda liwiro lanji."

Nduna zinatsegula mabuku, n'kupeza kuti mayiyo akunena zoona. Mfumu sinathandize kanthu, inali itatsamira chitsulo cha mlatho, yadzimbidwa.

Pamenepo Bwana Chipewa anakankhira womasulira pambali, n'kunjuta pamaso pa Nachisale. Analankhula Chichewa chosalala, cha munthu amene wagula tomato pa msika wa Makombo zaka khumi ndi zisanu.

"Mayi Nachisale, mwandidyetsa bwino. Mukufuna chiyani?"

"Mpando, bwana. Wamatabwa chabe. Nkhuku mwadya masiku atatuwa zikuposa mtengo wake."

"Ndikudziwa. Miyendo yanu ndimaiona tsiku lililonse ndikamadutsa." Anavula chipewa chobiriwira n'kuchizunguliza m'manja. "Koma mpando umabwera ndi kadi, kadi imabwera ndi msonkho, ndipo eni ake a fakitale si ine. Ali kutali, sanauonepo tsabola ali pamtengo. Anandiuza kuti dzuwa likadzandilowera tsidya lino, ndidzaoloke osabwereranso. Makina onse aja ali ndi matayala kunsi, munawaona. Pofika Lachitatu akhala ali uko." Analoza kwa nthumwi ya mbuzi, imene inamwetulira n'kukweza chikwangwani m'mwamba.

"Mukundiopseza."

"Ndikukuuzani zimene zili. Inenso andilemba mwatsopano kawiri."

Nachisale anamuyang'ana m'maso, ndipo chimene chinamupweteka n'chakuti munthuyo sankanama. Anatembenuka kuyang'ana m'mbuyo. Amayi mazana asanu ndi limodzi anali ndii kumapeto kwa mlatho, amene anapha nkhuku zawo zomaliza chifukwa cha mawu ake. Anali atamva zonse, poti pa mlatho mawu amayenda. Palibe anamukalipira. Dzuwa linali litatsala zala ziwiri.

Namaseko anatuluka m'gulumo, nayenda pang'onopang'ono mpaka pomwe panali mnzake. Anagwada pambali pake n'kumukonza duku limene linapendekeka ndi nkhata.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "mukati tikhale, tikhala nanu pompano mpaka kude. Tinapangana. Kungoti ine ana aja ndi anayi."

Nachisale ankafuna kulira, koma misozi inakana, mwina inali itazolowera tsabola. Anasisita chikopa cha sutikesi ndi chikhatho, monga munthu wotsanzika pakhomo pomwe wagona bwino.

"Ndigwireni mkono," anatero. "Ndekha sindidzuka."

Anamudzutsa amayi awiri. Nachisale anawerama movutika, n'kunyamula sutikesi ndi manja awiri, n'kuipereka. "Muyende bwino, bwana." Bwana Chipewa anathamanga ngati mwana wothawa mvula, mimba ili patsogolo, ndipo phazi lake linaponda tsidya linalo dzuwa litatsala kachidutswa. Nthumwi ya mbuzi inatambasula dzanja, koma iye anailambalala n'kulowa kuseri kwa mkuyu. Anatulukako ndi chipewa chamitundumitundu. Oimba ng'oma anayambanso, mfumu inadzidzimuka n'kufunsa ngati mlendo watsopanoyo wadya, ndipo mlendo anayankha kudzera mwa womasulira kuti aiwale za chakudya.

Lolemba m'mawa chikwangwani cha Tsabola wa Utawaleza chinali chisanaume penti. Amayi anafola pa zenera la kalaliki. Nachisale atafika, kalaliki anafunsa dzina, mudzi, ndi ngati anauonapo tsabola chibadwire.

"Ndimangomva mbiri yake," anayankha.

Atangomaliza kudinda chala, kapitawo anabwera kudzamuitana kuti akufunidwa pabwalo la ofesi. Anapita akukoka miyendo, akuganiza kuti basi, lero amupumitsa. Koma pakati pa bwalopo, padzuwa, panali mpando. Unali watsopano, wa mlombwa, wonyezimira vanishi, wokhala ndi potsamira ndi poika mikono. Bwana Chipewa anaima pambali pake, a Pindamawondo akumwetulira kumbuyo.

"Mayi Nachisale, khalani," anatero womasulira.

Amayi amene anali pa mzere anayamba nthungululu. Namaseko anagwira pakamwa. Nachisale anakhala pang'onopang'ono, osakhulupirira, ndipo mpando unamulandira ngati unachita kumuyeza. Wina anamuika lichero la tsabola wofiira pamiyendo, wina anamufunditsa chitenje chatsopano mpaka kumapazi kuti zotupa zisaoneke. Kenako patsogolo pake panaima bambo wa kamera.

A Pindamawondo anafotokoza kuti anthu a kutsidya kwa nyanja masiku ano sagula tsabola wamba, amafuna kudziwa kuti wosankha wake akusamalidwa. Choncho pa botolo lililonse la Utawaleza padzakhala chithunzi cha mayi wa ku Takulandirani akugwira ntchito atakhala pampando, ndipo ulemu umenewu wagwera Nachisale, mayi amene waonetsa dziko lonse kukonda alendo.

"Mayi, tasekani pang'ono," anatero wa kamera. "Mano aoneke."

Nachisale anaonetsa mano. Kamera inalira kawiri.

"Tamaliza, mayi. Dzukani."

Amuna awiri anachotsa lichero, anapinda chitenje, n'kuima m'mbali kudikira. Wa kamera anapepesa kuti akufulumira, mpandowo ukufunikanso masana ku fakitale ya mlendo wina wa thonje. Nachisale anagwira poika mikono, anayesa kudzuka, analephera, anayesanso. Nthungululu zinali zitaleka. Belu la fakitale linalira, ndipo Namaseko anabwera kudzamugwira mkono, napita naye ku tebulo.